Njinga ya mpikisano, sukulu kapena ntchito? Mafunso ochokera ku Mangochi

Makalata a mwezi uno tasankha ochokera m'boma la Mangochi. Chichitikireni mpikisano wa njinga wa dziko lonse ku Kigali m'dziko la Rwanda mu Sepitembala 2025, womwe unali woyamba wa mtundu wake mu Africa muno, achinyamata ambiri ayamba kuziyang'ana njinga zawo ndi diso lina, pomwe makolo mitima ili m'mwamba. Akuyankha ndi aphunzitsi a masewera a njinga mothandizana ndi amakaniko komanso alangizi a zamaphunziro.

FUNSO: Ndili ndi zaka 17 ndipo ndili Fomu 3 pa sekondale yoyendera. Tsiku lililonse ndimapalasa makilomita 14 kupita, 14 kubwerera, ndipo pa mipikisano ya achinyamata ya kwathu kuno ndapambana kawiri. Ndikufuna kusiya sukulu kuti ndilimbikire njinga ngati katswiri wa ku Eritrea Biniam Girmay. Malume akuti mapanga awiri avumbwitsa, ndisankhe chimodzi. Nditani?
Mnyamata wa ku Namwera

YANKHO: Mwana wathu, sukulu musasiye. Mwambi wa malume anuwo ndi woona, koma nthawi yake sinakwane. Wokwera wa zaka 17 kapena 18, amene bungwe loyang'anira masewerawa pa dziko lonse la UCI limamuika m'gulu la junior, amakwanira ndi maola 8 mpaka 12 opalasa pa sabata. Maola 20 mpaka 30 amene mumamva kuti akatswiri amapalasa ndi a anthu okhwima mafupa, odya mokwanira, okhala ndi dokotala wawowawo. Inu mutayesa zimenezo lero, miyezi iwiri singathe mawondo asanayambe kuwawa, liwiro n'kutsika m'malo mokwera. Ndiye mukasiya sukulu, tsiku lonselo muzichita nalo chiyani? Njingayo sikulifuna.

Tiyeni tiwerenge malo amene mukulimbirana. Matimu apamwamba a amuna, otchedwa WorldTour, alipo 18, ndipo timu iliyonse siloledwa kupitirira okwera 30. Ndiye kuti dziko lonse lapansi malo sapitirira 540. Ndalama zili kumeneko: wokwera wokhazikika salandira zochepera €40,000 pa chaka. Pansi pake pali matimu a ProTeam, komwe malipiro otsikitsitsa a wokhazikika amaposa €30,000. Pansi penipeni pali a Continental, ndipo matimu a mu Africa muno ali m'gulu limeneli. Uku UCI sinaike malipiro otsikitsitsa, moti ambiri amangolandira njinga, yunifolomu, chakudya ndi ya thiransipoti. Makontirakiti ambiri ndi a chaka chimodzi kapena ziwiri. Fupa la paphewa, lomwe okwera njinga amathyola kawirikawiri akagwa, limatenga masabata 6 kapena kuposa kuti lilumikizane, ndipo likathyoka m'chaka chomaliza cha kontirakiti munthu amatha kubwerera kwawo chimanjamanja. Ngakhale amene zawayendera bwino amapuma akangodutsa zaka 30 pang'ono, ana ali ku pulayimale.

Girmay amene mukumutchulayo anakulira ku Asmara, likulu la Eritrea, mzinda wa pamtunda wa mamita oposa 2,300, m'dziko lomwe njinga ndi masewera otchuka ngati mpira kwathu kuno, ndipo mipikisano siisowa. Mu 2018 anapambana mipikisano ya ma junior a mu Africa, anaitanidwa ku sukulu ya njinga ya UCI ku Aigle m'dziko la Switzerland, kenako analowa timu ya ku France. Mu 2022 anapambana mpikisano wa ku Belgium wa Gent-Wevelgem, ndipo mu 2024 anapambana zigawo zitatu za mpikisano waukulu wa Tour de France n'kutenga malaya obiriwira, omwe amapatsidwa wopeza mapointi ambiri. Makwerero ake ndi amenewo: laisensi ya bungwe la dziko lako, mpikisano wa dziko lako, mpikisano wa mu Africa, kenako kuonedwa. Kwathu kuno khomo lake ndi Cycling Federation of Malawi, ndipo muyambe mwapeza kalabu yolumikizana ndi bungweli. Dziwaninso kuti mipikisano kuno ndi yochepa, mphotho zake sizingadyetse munthu chaka chathunthu, ndipo zipangizo n'zosowa. Mu 2014 ku Glasgow, pa masewera a Commonwealth, okwera njinga athu anachita kuthandizidwa njinga ndi shopu ina ya mumzindawo.

Kupambana anzanu a pamudzi sikukuuzani zambiri. Funsani wotchi. Loweruka lina m'bandakucha tsikirani ku boma, mupeze gawo losalala la msewu wa ku Monkey Bay, muyeze makilomita 10 ndi foni yokhala ndi pulogalamu yoyeza mtunda ya Strava kapena ndi mita ya njinga yamoto. Palasani pang'onopang'ono mphindi 15 kuti thupi litenthe, ndiyeno mupite makilomita 10 ndi kubwerera 10, nokha, osabisala kumbuyo kwa minibasi. Kupita ndi kubwerako n'kofunika chifukwa mwera ukakukankhani popita, ukubwezani pobwera. Pa njinga ya mpikisano, ngakhale yobwereka, ife timaona chonchi. Mphindi 40, kapena kuti makilomita 30 pa ola, ndi mnyamata wamphamvu basi. Mphindi 34 ndi makilomita 35 pa ola, ndipo wotereyu akuyenera kukhala mu kalabu. Mphindi 30 ndi makilomita 40 pa ola, ndipo wa zaka 17 wofika pamenepa a bungwe ayenera kumudziwa dzina. Ngati muli ndi njinga ya keliyala yopanda magiya, musadziyerekeze ndi manambalawa, muzingoona ngati nthawi yanu ikutsika mukabwereza pakatha masabata 6 aliwonse.

Chosangalatsa pa kalata yanu n'chakuti sukuluyo ikukuphunzitsani kale njinga. Makilomita 28 pa tsiku ndi 140 pa sabata, pafupifupi maola 6. Chongofunika n'kuwakonza. M'mawa muzipita mofatsa, mpweya wokwanira kucheza ndi mnzanu, kuti musakawodzere m'kalasi. Lachiwiri pobwerera thamangani mwamphamvu mphindi 5, pumani mukupalasa mphindi 3, mubwereze kanayi. Lachinayi sankhani kachitunda ka mphindi ziwiri, mukwere kasanu ndi kamodzi. Masiku enawo musalimbane ndi aliyense pamsewu, ngakhale wa kabaza akupitirireni akuimba belu. Loweruka palasani maola awiri ndi theka kapena atatu, ndipo chitunda cha ku Chowe muli nacho pakhomo, chomwe anzanu a m'mbali mwa nyanja amachita kuchiyendera ulendo. Tsiku limodzi pa sabata njinga igone. Achinyamata ambiri amalakwitsa pothamanga mwamphamvu tsiku ndi tsiku: thupi limakula mphamvu pamene likupuma, ndipo losapuma limangotopa.

Mayeso a MSCE akatsala masabata 6, siyani za Loweruka ndi zothamanga zija, mutsale ndi ulendo wa kusukulu wokha. Mphamvu yotayika pamenepo imabwerera m'mwezi umodzi kapena iwiri, koma mayeso mukawaphonya mudikira chaka. Limbanani ndi makirediti 6, Chingerezi chili momwemo, chifukwa ndi amene amatsegula khomo la mayunivesite a boma kudzera ku NCHE. Satifiketi yomweyo ikulowetsani ku makoleji a ntchito zamanja a TEVETA, ku makoleji a uphunzitsi, kapena ku koleji ya zausodzi ku Mpwepwe komweko. Chingerezicho mudzachifunanso pa njinga pomwe, powerenga kontirakiti ndi pomva malangizo a mphunzitsi.

Mukalemba MSCE pamakhala miyezi yambiri yodikira zotsatira ndi masankho. Imeneyo ndiyo nthawi yanu yoyesera. Kwezani maola kufika 14 kapena 16, lowani mpikisano uliwonse umene mungaufikire, ndipo mugwirizane ndi malume, molemba papepala, kuti pakatha miyezi 12 mudzakhala pansi n'kuona zinthu zitatu: nthawi ya makilomita 20 aja, malo amene mwamaliza pa mpikisano wa dziko lino, ndiponso ngati pali timu kapena bungwe limene lakuitanani mwa kalata. Chris Froome, amene anabadwira ku Nairobi n'kudzapambana Tour de France kanayi, anaphunzira zachuma zaka ziwiri pa yunivesite ku Johannesburg, ndipo anasiya atapeza kale timu.

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 16 akundiumiriza kuti ndigulitse injini ya boti ndimugulire njinga ya kaboni. Akuti popanda imeneyo sangapambane. N'zoona?
Msodzi wa ku Makawa

YANKHO: Bambo, injiniyo ndi imene ikubweretsa ndiwo ndi fizi pakhomo, isagulitsidwe. Njinga zimene mwanayo akuona pa kanema zimaposa $10,000 imodzi, ndipo malamulo salola kuti zipepuke kuposa makilogalamu 6.8. Ya aluminiyamu yogwiritsidwapo kale ntchito, yolemera makilogalamu 9 kapena 10, ikumukwanira mpaka pa mpikisano wa dziko lino. Pa msewu wosalala chimene chimabweza wokwera ndi mphepo, kulemera kwa njinga sikuoneka kwenikweni. Pachitunda, makilogalamu awiri pa 70 a munthu ndi njinga yake ndi magawo atatu okha pa 100. Kaboni, chipangizo chopepuka chosakhala chitsulo chomwe amapangira mafelemu a njinga zimenezo, alinso ndi vuto lake: akamenyeka amatha kung'aluka mkati penti ali bwinobwino, tsiku lina n'kuthyoka mwadzidzidzi, ndipo wowotcherera wa pamsika sangamulumikize.

Pogula, yambani ndi saizi. Mwana wotalika masentimita 165 mpaka 172 amayenera felemu ya 52 kapena pafupi pamenepo, wa 172 mpaka 178 ya 54. Yaikulu kwambiri imapweteketsa msana ndi khosi. Pukutani felemu muyang'ane molumikizira monse, makamaka kunsi kwa paipi yaikulu pafupi ndi foloko. Kamzere kooneka ngati tsitsi pamenepo ndi mng'alu, njingayo isiyeni. Zunguzani mawilo muone ngati limu ikukhudza mabuleki. Sankhani ya magiya 8 kapena 9 kumbuyo, monga Shimano Claris kapena Sora, chifukwa tcheni chake n'chotsikirapo mtengo ndipo chimapezeka msanga kusiyana ndi cha magiya 11 kapena 12. Chishalo muchikweze chonchi: mwana aime wopanda nsapato, muyeze kuchokera pansi kufika mphechepeche, muchulukitse ndi 0.883, ndipo yankho lake ndi mtunda wochokera pakati pa kalanki kufika pamwamba pa chishalo. Chotsika kwambiri chimapweteka bondo kutsogolo, chokwera kwambiri chimapweteka kumbuyo kwake.

Chimene makolo ambiri sawerengera ndi ndalama ya pambuyo pogula. Mwana wopalasa makilomita 200 pa sabata amatha 10,000 pa chaka. Ndi mchenga wa kunyanjaku, amenewo ndi matcheni atatu kapena anayi, matayala a kumbuyo awiri kapena atatu, mano a magiya a kumbuyo kamodzi, kuphatikizapo mabuleki, mawaya ndi machubu a valavu yopyapyala a mawilo a 700c, omwe nthawi zambiri mumachita kuitanitsa ku Blantyre, ku Lilongwe kapena kwa achibale a ku Joni. Tcheni muzichiyeza ndi lula: mfundo 10 zathunthu, kuwerenga mapini 20 kuchokera pa pini yoyambira, zimakhala masentimita 25.4 chili chatsopano. Zikadutsa 25.5 chisintheni. Mukachedwa chimadya mano a magiya mpaka asongoke ngati minga, ndipo tcheni chatsopano chimangodumphadumpha pamenepo mwana akaponda mwamphamvu, inu n'kugula zonse ziwiri. Oyilo wakuda wotsala mu injini asayandikire tcheni. Amagwira mchenga n'kupanga phala lakuda lokhakhala, lomwe mukalitikita pakati pa zala mumamva likukukuta, ndipo limapera chitsulo ngati mphero. Tsukani ndi parafini, chiume, dontho limodzi la oyilo wopepuka pa mfundo iliyonse, kenako pukutani kunja konse ndi kansanza.

Choyamba kugula ndi helimeti, njinga pambuyo. Ndipo mutumizeni mwanayo kwa makaniko wa njinga pamsika masiku a holide, akaphunzire kumanga wilo, kuwongola limu ndi masipoko, kusintha mabolo a mu habu ndi kutchuna magiya. Zikuchepetserani ndalama, ndiponso ndi ntchito yoti adzadyere. Matimu akuluakulu omwe amalemba amakaniko pa malipiro. Njingayo muigule mogwirizana kuti lipoti la kusukulu likatsika, iyamba yapachikidwa kudenga teremu imodzi.

FUNSO: Ndili ndi zaka 22, ndili ndi dipuloma ya zowerengera ndalama, ndipo ndapeza ntchito pa kampani ina ku Monkey Bay, yoyamba mwezi wamawa. Pa njinga ndimachita bwino, ndamalizapo m'gulu la asanu oyambirira pa mipikisano ya ku Blantyre. Munthu wina pa Facebook akuti ali ndi timu ku Joni, andipatsa njinga ndi pogona, malipiro adzayamba ndikamapambana, koma nditumize kaye ndalama ya mapepala. Ndisankhe chiti?
Wosokonezeka maganizo, Monkey Bay

YANKHO: Achimwene, ndalamayo musatumize, ngakhale tambala. Timu yeniyeni siilipiritsa wokwera kuti imulembe. Matimu onse a WorldTour, ProTeam ndi Continental amalembedwa chaka ndi chaka pa tsamba la intaneti la UCI, mayina a okwera ndi a oyang'anira ali pomwepo. Fufuzani dzina la timuyo. Ngati palibe, mwina ndi kalabu wamba, ndipo pemphani a bungwe la njinga kuno alembere anzawo a ku South Africa kufunsa ngati akuidziwa. Anyamata a ku Mangochi ambiri apita ku Joni pa malonjezo a ntchito n'kukapezeka alandidwa mapasipoti, akugwira ntchito yobweza ngongole ya thiransipoti. Njinga ikhoza kukhala nyambo yatsopano ya msampha wakale womwewo.

Tiyerekeze kuti timuyo ilipodi. Pepala losainirana lifike m'manja mwanu musananyamuke, ndipo linene izi momveka: malipiro a pamwezi ndi tsiku lolandira, osadalira kupambana, kutalika kwa mgwirizano, kosachepera miyezi 12, amene alipire chipatala mukagwa, ndiponso ngati malipiro apitirire muli pa bedi, tikiti yobwerera kunyumba, mwini wa njinga mgwirizano ukatha, ndi mtundu wa chilolezo chokhalira m'dzikomo. Mmalawi amalowa ku South Africa ngati mlendo kwa masiku 30, ndipo chilolezo chimenecho si cha ntchito. Ku Europe, viza wamba ya Schengen imalola masiku 90 pa masiku 180 aliwonse, pomwe nyengo ya mipikisano imayamba cha mu Febuluwale mpaka Okutobala, ndipo vuto limeneli labweza okwera a mu Africa ambiri aluso. Pasipoti isachoke m'thumba mwanu, aliyense asakusungireni.

Tsopano yang'anani zimene ntchito ya ku Monkey Bay ikukupatsani. Malipiro mwezi ndi mwezi. Penshoni, yomwe pa malamulo a dziko lino olemba ntchito amaikamo 10 pa 100 ya malipiro anu, inu 5 pa 100. Tchuthi cholipidwa cha masiku 15 pa chaka ngati mumagwira masiku asanu pa sabata, kapena 18 ngati mumagwira asanu ndi limodzi. Ndi zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira za luso, zomwe olemba ntchito ena adzazifunsa. Njinga siikufa chifukwa cha zimenezi. Ola limodzi ndi theka m'mawa kanayi pa sabata musanalowe mu ofesi, maola anayi Loweruka ndi awiri Lamulungu, ndi maola 12, okwanira kupikisana pamwamba m'dziko muno. Malipirowo ndi amene azigula matayala, ndipo tchuthi chingakufikitseni pa mpikisano ngati Cape Town Cycle Tour wa makilomita 109, womwe umachitika mu Malichi, mukaone nokha pamene muli.

Sitikubisirani mbali inayo. Gulu la ochepera zaka 23 limathera pa zaka 22, ndipo matimu a ku Europe amayang'ana kwambiri a zaka 18 mpaka 21. Khomo lanu likutsekeka. Choncho itabwera kalata yoona, ya malipiro okwanira kudya, kuvala ndi kutumiza kangachepe kunyumba, ife tingati yesani chaka chimodzi, poti dipuloma muli nayo kale ndipo siiola. Koma muyambe mwapempha tchuthi chosalipidwa m'malo mosiya ntchito, ndipo mukhale mutasunga ndalama yokwana miyezi 6. Zimene mwalonjezedwa pa Facebook sizikufika pamenepo. Kayambeni ntchito.

FUNSO: Ndimapalasa kabaza pa boma kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndimanyamula anthu ndi matumba a chimanga kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi osatsika. Ndili ndi zaka 27, sukulu ndinalekera Fomu 2. Mphamvu zimenezi sizingandipititse kunja?
Wakabaza, Mpondasi

YANKHO: Achimwene, mphamvu muli nazo, ndipo sitikuzipeputsa. Koma zolipidwa kunja pa zaka 27 musaziikire mtima. Alipo ochepa amene anayamba mochedwa, monga Primož Roglič wa ku Slovenia yemwe analowa njinga atadutsa zaka 20, koma iyeyu anali kale katswiri wa masewera ena ndipo mipikisano inali pakhomo pake. Kupalasa kwa kabaza n'kosiyananso. Inu mumaponda molemera, mwina maulendo 50 kapena 60 pa mphindi, n'kumaima pafupipafupi. Pa mpikisano miyendo imazungulira maulendo 85 mpaka 95 pa mphindi kwa maola atatu kapena anayi osaima, muli pakati pa anthu makumimakumi, tayala lanu lili chikhatho chimodzi kuchokera pa la mnzanu. Wobisala kumbuyo kwa mnzake amapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu, n'chifukwa chake amphamvu osazolowera amatsogola gulu makilomita 40 oyamba, otsalawo n'kuwadutsa ali wefuwefu.

Mipikisano ya m'dziko muno lowani, ndipo mphotho ikapezeka ndi yanu. Koma phindu lokhalitsa la miyendo yanu lili pafupi. Lembetsani sekondale ya masana, ija amati open, kuti m'mawa muzigwira kabaza, masana m'kalasi, mupeze MSCE. Phunzirani kukonza njinga za magiya, zomwe amakaniko ambiri a pamsika amaziopa. Ndi Chingerezi chomveka ndi luso limenelo, mukhoza kumaperekeza alendo okonda njinga amene amafikira ku malo ogona a ku Cape Maclear ndi m'mbali mwa nyanja, ntchito yopepukirapo pa mawondo kusiyana ndi matumba a chimanga.

FUNSO: Ndine mtsikana wa zaka 16, Fomu 2. Ndimawapitirira anyamata a m'kalasi mwathu pa njinga. Anthu akuuza mayi anga kuti njinga idzandilepheretsa kubereka, komanso kuti mtsikana wa masewera sukulu imamukanika.
Mtsikana wa ku Malindi

YANKHO: Chemwali, awerengereni mayi yankho ili. Mayi, njinga siitseka mimba ndipo siiwononga chiberekero. Alipo azimayi amene anapikisana pamwamba, n'kubereka, n'kubwereranso pa mpikisano. Za sukuluzo, amene anapambana golide pa mpikisano wa njinga wa pamsewu ku Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021, Anna Kiesenhofer wa ku Austria, ali ndi digiri ya udokotala (PhD) ya masamu, ndipo nthawi imeneyo analibe timu yomulipira. Ashleigh Moolman-Pasio wa ku South Africa anaphunzira uinjiniya pa yunivesite ya Stellenbosch. Mu 2025 Kim Le Court wa ku Mauritius anavala malaya achikasu, omwe amavala wotsogola mpikisano, pa Tour de France ya azimayi. Malipiro otsikitsitsa m'matimu apamwamba a azimayi anangoyamba mu 2020, ndipo malo olipidwa bwino akadali ochepa kuposa a amuna, choncho kwa mtsikana satifiketi ndi yofunika koposa.

Zoyenera kusamala zilipo, koma ndi zina. Msambo ukasiya miyezi itatu popanda pathupi, nthawi zambiri ndiye kuti chakudya chikuchepera ntchito imene thupi likugwira, ndipo zikapitirira mafupa amafooka. Achepetse kupalasa, awonjezere chakudya, apite kuchipatala. Atsikana amatayanso magazi mwezi ndi mwezi, ndiye usipa, nyemba, mazira, bonongwe ndi chisoso zisasowe. Zilonda za pachishalo zimabwera ndi chishalo chopapatiza kapena chopendekera m'mwamba ndiponso chovala chonyowa ndi thukuta. Kabudula wa njinga wa thonje mkati amavalidwa wopanda kabudula wina mkati, ndipo achapidwe tsiku lomwelo. M'bandakucha asamapalase yekha, apeze anzake awiri kapena atatu, ndipo mphunzitsi aliyense wofuna kumutenga ku mpikisano wogonera adzaonekere kaye pakhomo, pakhalenso mayi wamkulu woperekeza.

FUNSO: Miyezi iwiri tsopano liwiro langa latsika ndipo ndikutopa msanga, m'kalasi ndikuwodzera. Mnzanga akuti ndizimwa tramadol ndisanapalase. Komanso mwezi wofunga ukubwera, ndizipanga bwanji?
Wophunzira wa ku Koche

YANKHO: Mwana wathu, mapiritsiwo akaneni. Tramadol ndi woletsedwa pa mipikisano ya njinga kuyambira 2019, amachititsa chizungulire pa liwiro, ndipo amazolowereka moti kusiya kumavuta. Mankhwala ena a chimfine nawonso ali ndi pseudoephedrine, yemwe akachuluka m'thupi pa tsiku la mpikisano amalangitsa, ndipo lamulo silimva zoti simunadziwe.

Kwa wokhala m'mbali mwa nyanja, kutopa kotere tiyamba takayikira likodzo, malungo ndi kuchepa kwa magazi. Pitani kuchipatala akayeze mkodzo, malungo ndi kuchuluka kwa magazi. Likodzo limatha kudya munthu mwakachetechete ngakhale mkodzo ukuoneka woyera, ndipo mankhwala ake, praziquantel, amaperekedwa molingana ndi kulemera kapena kutalika kwanu. Mukapezeka ndi malungo malizani LA yense, ndipo musakwere njinga thupi likadali lotentha. Dikirani sabata mutachira, muyambe mofatsa. Muziwerenga kugunda kwa mtima mphindi yathunthu mukangodzuka. Kukakwera ndi 8 kapena 10 kuposa masiku onse kwa masiku awiri otsatizana, pumani.

Onaninso madzi ndi chakudya. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno kumadutsa madigiri 35, ndiye palasani dzuwa lisanakwere. Pa ola lililonse imwani botolo la mamililita 500 mpaka 750, mutasungunulamo masipuni aakulu atatu a shuga ndi kamchere kotapa ndi zala, ndipo ulendo ukapitirira ola ndi theka muzidya nthochi imodzi kapena chidutswa cha mbatata mphindi 40 zilizonse. Mukadziyeza sikelo musanapite ndi pobwera, kilogalamu iliyonse yotsika ndi lita imodzi ya madzi yoti mubwezere.

M'mwezi wofunga dulani maola ndi theka ndipo zothamanga mwamphamvu muziike pambali. Palasani mofatsa mphindi 45 kapena ola limodzi nthawi yomasula itayandikira, kuti mukangotsika panjinga mupeze madzi ndi chakudya. Madzi muzimwa pang'onopang'ono kuyambira pomasula mpaka pogona, ndiponso pa chakudya cha m'bandakucha, chomwe chikhale ndi phala kapena mpunga, dzira kapena usipa. Mwezi ukatha, tengani masabata awiri kubwerera pa maola anu akale, ndipo mayeso a makilomita 20 aja tafotokoza poyamba muwachite sabata yachitatu.